Mpikisano wa bass ku Albert Falls mu Januwale: tigawane nzeru

Bambo a Tadala: Moni nonse pagulu pano. Kalabu yathu ili ndi mpikisano wowedza nsomba za bass ku damu la Albert Falls ku KwaZulu-Natal, South Africa, pakati pa Januwale, ndipo ine ndi alamu anga talembetsa. Malamulo ake ndi awa: anthu awiri pa boti, nsomba zisanu pa boti, iliyonse isachepere masentimita 30, nyambo zopanga zokhazokha. Kunyamuka 5:30 m'mawa, pa sikelo 2 koloko masana. Nsomba ikafika yakufa akudula magalamu 250, ukachedwa akudulanso pa mphindi iliyonse. Boti ndi la aluminiyamu, injini ya 40 hp, livewell (bokosi la madzi losungiramo nsomba zamoyo) ya malita 90. Tsikuli tiligawe bwanji, ndipo timange nyambo zanji? Kutentha kwa Januwale ndiko kukundidetsa nkhawa.

aMbewe: Bambo a Tadala, tiyambe ndi mapepala chifukwa amabweza anthu pa geti asananyowetse n'komwe chingwe. Injini yanu yaposa 15 hp, ndiye woyendetsa akufunika chiphaso cha skipper, botilo likufunikanso chikalata chosonyeza kuti linayesedwa ndipo chisakhale chakutha. Chiphaso chowedzera m'madzi a kumtunda ku KwaZulu-Natal chimachokera ku Ezemvelo KZN Wildlife, aliyense chake. Malaifujaketi awiri, ndi kachingwe kozimitsa injini kamangidwe pa thupi la woyendetsa nthawi zonse injini yaikulu ikamalira.

Tsopano za tsiku. Mu Januwale bass zinatha kale kuswa, zimaikira mazira cha mu Seputembala ndi Okutobala madzi akafika madigiri 16 mpaka 20. Panopa madzi apamwamba amatha kufika 26 mpaka 29 masana. Nsomba ikufuna zinthu zitatu: mthunzi, mpweya wokwanira ndi chakudya pafupi. Dzuwa limatuluka itangodutsa 5 koloko, choncho pamene akukutulutsani kwacha kale. Muli ndi ola limodzi ndi theka, mwina awiri kukakhala mitambo, pamene nsomba zili m'madzi osaya n'kumasaka. Nthawi imeneyi musaitaye pa ulendo wa mphindi 20 wopita kutsidya. Sankhani malo oyamba apafupi ndi ponyamukira, ndodo zikhale zomangidwa kale dzulo lake.

Gift wa ku Durban: Ndiwonjezere pa za m'mawazi. Ndodo ziwiri pamwamba pa boti. Yoyamba ya chule wa pulasitiki, braid (chingwe cholukidwa) yopirira mapaundi 50, ndodo yolimba ya mafiti 7, yoponya pamwamba pa udzu ndi m'mphepete mwa bango. Yachiwiri ya nyambo yoyandama pamwamba, popper kapena Zara Spook, pamadzi opanda udzu, chingwe cha mono (nayiloni wamba) cha mapaundi 15. Musaike chingwe cha fluorocarbon pa nyambo zapamwamba, chimamira n'kukokera mphuno ya nyambo pansi, nyamboyo n'kusiya kuvina.

Cholakwika chomwe aliyense amachita pa chule n'kukoka pomwe wangoona madzi akuti phwaa. Nthawi imeneyo nsomba sinatseke kamwa. Tsitsani ndodo, potani chingwe chokhwepacho, mukamva kulemera m'pamene mukoke mwamphamvu m'mwamba. Ndi masekondi awiri okha koma amaoneka ngati chaka. Ikaphonya chule, mnzanuyo aponye Senko (nyongolotsi ya pulasitiki yofewa) ya mainchesi 5 yopanda sinka pamalo omwewo msangamsanga. Kawirikawiri nsombayo imakhala ikadali pompo, ikufunafuna chomwe yamenya.

Bambo a Tadala: Zikomo aMbewe, zikomo achimwene Gift. Nanga ikakwana 8 koloko, dzuwa lakwera, tithamangire kozama?

aMbewe: Pali njira ziwiri ndipo akatswiri amakangana nazo mpaka lero. Ina n'kukhala kosaya koma kulowa mkati mwa mthunzi: udzu wothithikana, mitengo yomira, pansi pa nthambi zolendewera. Ina n'kutuluka kukafuna timitunda tolowa m'madzi ndi khwawa la mtsinje wakale wa uMngeni lomwe linamizidwa pomwe damu linadzaza. Kwa inu amene mukuyamba, ine ndikuti dzazani zisanu zanu kaye kosaya, kenako mupite kozama kukafuna zosinthira. Zisanu za masentimita 30 zimangolemera pafupifupi makilo awiri zonse pamodzi, pamene imodzi ya masentimita 50 payokha imafika makilo awiri. Ndiye zazing'ono sizikupambanitsani, koma zimakhazika mtima pansi, ndipo munthu wodekha amawedza bwino kuposa amene ali ndi livewell yopanda kanthu 11 koloko.

aKwenda: Ndikulemba kuchokera ku Harare. AMbewe, pamenepo ndisiyana nanu pang'ono. Ngati cholinga n'kupambana, maola a 8 mpaka 10 ndi amtengo wapatali kozama, chifukwa nsomba zazikulu zimene zinakwera usiku zimakhala zikutsika n'kusonkhana pa malo amodzi. Ukazipeza zili pagulu, zisanu zimakwana pa mphindi 30 ndipo zimakhala zofanana kukula. Kuno ku damu la Darwendale, komwe kunatuluka bass yoposa makilo 8 mu 2004, ndi ku Mutirikwi, madzi akatentha zazikulu zimakonda m'mphepete mwa pomwe pansi pakugwera mwadzidzidzi. Kutola tinsomba ta 30 kwa maola atatu n'kuwononga nthawi yomwe simudzaibweza.

Koma musanapite kozama dziwani pamene mpweya ukuthera. M'nyengo yotentha madzi a m'damu amagawikana: otentha pamwamba, ozizira pansi, ndipo sasakanikirana. Apansiwo, masamba ndi zinyalala zowola zimadya okosijeni wake mpaka kutha. Malire a magawo awiriwa ndiye thermocline. Kwezani sensitivity ya fish finder (kachipangizo koonetsa za pansi pa madzi) pamalo ozama, muona kamzere kachifunga kopingasa pa sikirini. Tinene kuti kali pa mamita 6. Pansi pake musataye nthawi. Funani pomwe mamita 5 mpaka 6 akukumana ndi mwala, chitsa kapena kakhonde ka khwawa. Kuya kwake kumasintha chaka ndi chaka, ngakhale sabata ndi sabata mvula yamphamvu ikagwa, ndiye muyeze nokha pa tsiku loyeserera.

aMbewe: Zoona aKwenda, kwa munthu amene amadziwa kuwerenga fish finder. Koma amene sanazolowere amatha kukhala pamwamba pa gulu la milamba kapena carp maola awiri akuganiza kuti ndi bass. Tiyeni tigwirizane motere: ngati pa tsiku loyeserera apeza malo awiri ozama omwe atulutsa bass yeniyeni, apite 8 koloko. Ngati sanapeze, akhale mumthunzi.

aKwenda: Pamenepo ndavomera. Ndipo poyeserera musazigwire zonse. Imodzi kapena ziwiri pa malo, ikani chizindikiro pa GPS, chokanipo. Nsomba yomwe yabayidwa Lachisanu kawirikawiri siidya nyambo yomweyo Loweruka. Ena amapinda nsonga ya mbedza poyeserera kuti angomva kuluma osaibaya.

NaPhiri: Akuluakulu, mwakamba bwino za kugwira, koma chimene chimaluzitsa anthu mu Januwale si kugwira, n'kusunga. Bambo a Tadala, nsomba yomwe mwagwira 6 koloko ikhala m'bokosi lanu la aluminiyamu maola 8 dzuwa likuswa mtengo. Ndilole ndifotokoze mwatsatanetsatane.

Madzi akamatentha amasunga mpweya wochepa. Pa madigiri 20 lita imodzi imatha kusunga mamiligalamu pafupifupi 9 a okosijeni, pa madigiri 30 imangosunga pafupifupi 7.5. Nthawi yomweyo thupi la nsomba limathamanga kwambiri m'madzi otentha, ndiye ikufuna mpweya wambiri pomwe madzi ali ndi wochepa. Ikatsika pansi pa mamiligalamu 5, bass imayamba kuvutika. Kuwonjezera apo imatulutsa ammonia kudzera m'makha, ndipo m'bokosi lotsekeka imachulukana.

Muchite izi. Dzazani livewell m'mawa kwambiri, pakatikati pa damu, osati pa malo otsitsira maboti pomwe pali mafuta ndi matope. Madzi a m'mawa ndiwo ozizira kuposa onse a tsikulo. Ngati themometa ikuonetsa kuti madzi a m'damu ali pansi pa madigiri 24, siyani pampu izilowetsa madzi atsopano osaleka. Akaposa 24, tsekani polowera, ikani pa recirculate kuti madzi omwewo azizungulira n'kumathovoka, ndipo muwaziziritse nokha. Pampu isakhale pa timer, iziyenda nthawi yonse.

Kuziziritsa kuli ndi malire. Musatsike kuposa madigiri 5 pansi pa madzi a m'damu. Damu likakhala pa 28, livewell ikhale pa 23 kapena 24. Mukazizira kwambiri nsomba imaoneka yamoyo pa sikelo, koma ikabwezedwa m'madzi otentha imadzidzimuka n'kufa mawa lake. Masamu ake ndi osavuta: kilo imodzi ya ayisi imatsitsa malita 100 ndi digiri imodzi. Inu muli ndi malita 90, ndiye kuti mutsitse madigiri 4 mukufunika pafupifupi makilo anayi poyamba. Dzazani madzi m'mabotolo a malita awiri, muwaumitse mufiriji masiku awiri, muziponya otseka. Ayisi wogula wa m'matumba nthawi zambiri amachokera ku madzi a pampopi okhala ndi chlorine, ndipo chlorine imawotcha makha. Konzani mabotolo 8 mu cooler box, awiri poyamba, kenako limodzi limodzi malinga ndi themometa. Musamaganizire ndi dzanja, kathemometa koyandama ka mu aquarium n'kotchipa.

Mchere: magalamu 5 pa lita, wopanda ayodini, uja wa miyalamiyala. Pa malita 90 ndi magalamu 450. Nsomba ya m'madzi opanda mchere ikapanikizika imataya mchere wa m'thupi kudzera m'makha, ndipo mchere wa m'madziwo umachepetsa kutayako. Yezeranitu kunyumba, paketi imodzi ya 450 ndi atatu a 225. Maola awiri kapena atatu alionse tayani theka la madzi kuti ammonia achoke, lowetsani atsopano, thirani paketi ya 225, onjezerani botolo la ayisi.

Gift wa ku Durban: Achemwali NaPhiri, malita 90 akwana nsomba zisanu?

NaPhiri: Muyeso womwe amalangiza ndi kilo imodzi ya nsomba pa malita 8 a madzi. Malita 90 anyamula mpaka makilo 11. Ngati Bambo a Tadala afika pamenepo ndiye kuti ali pafupi ndi mphoto. Chofunika n'chakuti livewell idzaze mpaka pa paipi yotayira. Yodzaza theka, boti likamathamanga pa mafunde, nsomba zimamenyetseka m'makoma. Ndipo poti ndi aluminiyamu, matani thovu lopyapyala kapena thawulo yonyowa pa chivundikiro, chitsulo chimatentha msanga.

aNkhoma: Ndilowerere pa zamagetsi poti pampu yoyenda tsiku lonse ili ndi mtengo wake. Pampu ya livewell imadya ma amp 2 mpaka 4. Tinene 3 kwa maola 8, ndi 24 Ah. Fish finder ikudyanso. Ambiri amalumikiza zonsezi ku batire yolizira injini, ndipo 1:30 akamati tiyeni ku sikelo, injini imangoti kli kli. Chilango cha kuchedwa chimadya nsomba zonse zomwe munavutikira. Ikani pampu ndi fish finder pa batire yakeyake, kapena nyamulani mawaya a jampa oti mutengere moto ku batire ya trolling motor, kainjini kamagetsi koyendetsa boti pang'onopang'ono. Batire ya trolling motor ikhale ya deep cycle, 100 Ah kapena kuposa, yochajidwa usiku wonse. Fuse zapadera ziwiri m'kabokosi. Chinanso, kasefa ka pampu kamatsekeka ndi mamba ndi zomwe nsomba zasanza, zipolopolo za nkhanu makamaka. Nthawi iliyonse mukatsegula chivundikiro yang'anani ngati madzi akupopera mwamphamvu. Pampu ikafa, chidebe ndicho chipulumutso: tungani zidebe ziwiri, thirani ziwiri kuchokera m'mwamba kuti madzi athovoke, mphindi 15 zilizonse.

Bambo a Tadala: Izi ndiye sindinaziganizire n'komwe. Ndalemba zonse. Tibwerere ku nyambo za masana, achimwene Gift kapena aKwenda, mumanga bwanji?

Gift wa ku Durban: Za mumthunzi ndi Texas rig. Mbedza yotambalala ya EWG 4/0, sinka yooneka ngati chipolopolo, nsonga ya mbedza yobisidwa m'thupi la nyambo kuti isakole udzu. Pa mitengo ndi udzu wapatalipatali sinka ya magalamu 7 mpaka 10, fluorocarbon ya mapaundi 15 mpaka 17. Pa udzu wolukana ngati mphasa mukufunika magalamu 28 kapena kuposa kuti iboole, braid ya 50 kapena 65, ndipo sinka muitsekereze ndi kamphira kuti isasiyane ndi nyambo. Zikasiyana, sinka imagwera mbali ina ya nthambi, nyambo n'kutsala ikulendewera mbali ina.

Ponyani chapansipansi, nyambo ilowe m'madzi mwakachetechete. Kuluma kwambiri kumachitika nyambo ikamamira koyamba, ndiye maso akhale pa chingwe pomwe chikulowa m'madzi. Chikangoti tuku, kapena chikayamba kuyenda cham'mbali, kapena chikaima msanga kuposa kuya kwa pamalopo, kokani. Ikafika pansi idumphitseni kawiri, palibe kanthu, tulutsani, ponyani pena. Mtengo umodzi uli ndi mbali ya mthunzi ndi mbali ya dzuwa, yambani ndi ya mthunzi.

Mitundu musadzaze nayo bokosi. Madzi oyera: yobiriwira, watermelon kapena green pumpkin. Madzi ovunduka: junebug (yapepo yodera) kapena yakuda ndi buluu. Bass za m'madamu athuwa zimadya kwambiri ana a tilapia, ofanana ndi makumba kapena chilunguni cha kwathu, komanso bluegill ndi nkhanu, ndiye chilichonse chobiriwira modera chimagwira.

aKwenda: Zozama ndi zitatu. Crankbait (nyambo yolimba yooneka ngati kansomba, yokhala ndi mlomo woimiza) yotsika mamita 4 mpaka 5, fluorocarbon ya mapaundi 10 kapena 12 chifukwa chingwe chonenepa chimailepheretsa kutsika, reel yapang'onopang'ono ya 5.4:1 kapena pafupi pamenepo kuti mkono usatope. Sankhani yomwe imatsika kupitirira pang'ono kuya kwa malowo kuti mlomo wake uzigunda pansi ndi miyala. Kugunda n'kudumphira kumbali kuja n'komwe kumaputa nsomba. Yoyenda pakati pa madzi osagunda kanthu imangodutsa.

Zikasiya kuluma crankbait, sizinachoke, zangochenjera. Ikani Carolina rig: sinka ya magalamu 21, mkanda, swivel, kenako chingwe cha masentimita 60 mpaka 90 ndi fluke (kansomba kofewa) kapena buluzi wa pulasitiki. Kokani ndi ndodo cham'mbali pang'onopang'ono, theka la mita, imani. Sinka ikuuzani zomwe zili pansi. Matope amamveka ofewa ngati phala, miyala imamveka gogogo m'dzanja. Pamene matope akusanduka miyala m'pamene muime nthawi yaitali.

Chomaliza ndi drop shot pa ndodo ya spinning: fluorocarbon ya mapaundi 8, kambedza ka nambala 1, mfundo ya palomar nsonga ikuyang'ana m'mwamba, sinka ya magalamu 7 masentimita 30 mpaka 40 pansi pake. Iyi ndi ya 11 koloko mpaka 1 koloko, mphepo itafa, madzi ali ngati galasi. Musaigwedeze kwambiri. Gwirani chingwe chokungika pang'ono, mafunde a boti achita okha ntchito.

Pa mfundo zonse za fluorocarbon, nyowetsani ndi malovu musanakoke. Youma imadziwotcha yokha n'kuduka pa nsomba yoyamba yaikulu. Ndipo mukagwira nsomba kapena mukakhudza mwala, yendetsani zala pa mita yomaliza ya chingwe. Pakamveka pokhakhala, dulani, mangani kachiwiri. Ndi mphindi imodzi.

NaPhiri: Poti aKwenda akuwatumiza kozama, ndinene za nsomba yotupa. Bass ili ndi kathumba ka mpweya m'mimba komwe sikalumikizana ndi kum'mero, ndiye siingageye mpweya msanga. Mukaikoka kuchokera pa mamita 6 kapena kupitirira, mpweyawo umafufuma. Pakapita mphindi zingapo mu livewell muiona ikuyandama chagada kapena cham'mbali, mimba ili tuu, ikuyesa kutsika koma ikulephera. Ikasiyidwa choncho imatopa n'kufa.

Njira yosavulaza ndi timasinka topanira pa zipsepse za pansi pa mimba, timene timaiimitsa bwino n'kuitsitsa pansi pa livewell mpaka thupi lake litayamwa mpweya. Njira ina n'kuboola kathumbako ndi singano ya jakisoni ya 16 kapena 18 gauge, cham'mbali kuseri kwa chipsepse cha pachifuwa, nsomba ili m'madzi kuti muone thovu likutuluka. Koma iyi musaiphunzire pa gulu pano. Singano ikalowa molakwika imabaya chiwindi, ndipo mukatulutsa mpweya wonse nsomba imamira ngati mwala osathanso kudzuka. Pemphani munthu wa ku kalabu amene amaidziwa akuonetseni ndi manja. Pakadali pano gulani timasinka tija.

Samalani kusiyanitsa. Nsomba yogona chagada yomwe inagwidwa pa mita imodzi si yotupa, ikusowa mpweya kapena madzi atentha. Imeneyo singano siithandiza, yang'anani pampu ndi themometa.

aMbewe: Ndi yomeza mbedza nayonso, makamaka pa Senko ndi Carolina rig munthu akachedwa kukoka. Musasolole kudzera kukamwa. Lowetsani pulayala yaitali pansi pa chivundikiro cha makha mosamala, tembenuzani mbedza kuti diso lake liloze kumchira, nsonga imamasuka yokha, muitulutsire kukamwa. Ikamatuluka magazi ambiri ndipo ndi yaing'ono, ganizani kawiri musanaiike mu livewell. Makalabu ambiri saloleza kusinthanitsa nsomba yakufa, ndiye ikafera m'bokosi yatenga malo mpaka pa sikelo, ndi chilango chake pamwamba.

Za kusinthanitsa. Lamulo lofala n'lakuti musapitirize kuwedza muli ndi nsomba zisanu ndi imodzi. Mukagwira yachisanu ndi chimodzi, ikani ndodo pansi, tulutsani yaing'ono kaye. Nsomba iliyonse ikhale ndi kachingwe ka mtundu wake kopanira pa mlomo, osati kobaya, ndipo kulemera kwake mulembe pomwe mwaigwira. Mukatero simuvundula livewell yonse kufunafuna yaing'ono. Poyeza utali, thabwa linyowe, kamwa lotseka ligunde kutsogolo, ndipo mufunse ngati kalabu yanu imalola kupanikiza mchira. Ya 30 ndendende ine ndikuti ibwezeni. Thabwa la oyeza ndi limene limalamula, osati lanu.

Gift wa ku Durban: Kagwiridwe kake: chala chachikulu pa mlomo wapansi, nsomba ilendewere choongoka. Yoposa kilo ndi theka, dzanja lina lichirikize mimba. Kuipinda chopingasa ndi mlomo wokha kumatha kuvulaza nsagwada. Manja anyowe, ndipo isagwere pa kapeti youma ya boti, kuterera kwa pakhungu pake n'komwe kumaiteteza ku matenda.

Bambo a Tadala: Nanga mvula ikagwa Lachisanu usiku? Dzinja lino kuno sikudutsa masiku atatu osagwa.

aKwenda: Mvula yapang'ono ndi mwayi. Madzi olowa kuchokera m'timakhwawa ndi ozizirirapo, ali ndi mpweya, akubweretsa tizilombo, tinsomba tating'ono timathamangira pamenepo ndipo bass zimatsatira. Mvula yamphamvu imafiiritsa mbali ya kumtunda komwe mtsinje ukulowera. Musalowe m'matope enieniwo, funani mzere womwe madzi ofiira akukumana ndi oyera. Pamenepo ponyani nyambo yonjenjemera, spinnerbait ya magalamu 14 yokhala ndi chitsulo chozungulira cha Colorado, kapena chatterbait. M'madzi otere nsomba imasaka ndi kanjira kakumva kugwedezeka komwe kali m'mbali mwa thupi lake, ndiye nyambo yonjenjemera kwambiri ndiyo imapezeka. Zimakhalanso kosaya komanso zokakamira pa chitsa, ndiye ponyani mpaka nyambo igunde mtengo.

aNkhoma: Koma mitambo yakuda ikayamba kuunjikana chakumapiri masana, musatsutsane nayo. Ndodo za graphite zimadutsitsa magetsi, ndipo pa damu chinthu chachitali kuposa zonse ndinu. Mukaona ching'aning'ani werengani masekondi mpaka bingu, masekondi atatu ndi kilomita imodzi. Akakhala ochepera 30, gonekani ndodo zonse, pitani kumtunda. Chingwe chikamayandama m'malere mutaponya osagwa msanga, kapena ndodo ikamalira ngati njuchi, mwachedwa kale, chokani nthawi yomweyo. Madzi akumwa malita atatu munthu aliyense, chipewa chachikulu, malaya a manja aatali, magalasi a polarized. Magalasiwo amakuonetsani zitsa pansi pa madzi komanso amateteza diso crankbait ikafwamphuka kubwerera kumaso.

Mayi a Chikondi: Ndakhala ndikungowerenga. Funso langa: mukatha kuyeza, bwanji osatengako ziwiri zamoyo kukaika mu kadamu ka pa famu? Kapena kupita nazo kwathu?

NaPhiri: Mayi a Chikondi, chonde ayi. Bass ndi nsomba ya ku North America. Mtundu wa largemouth unabwera ku South Africa mu 1928, wa smallmouth mu 1937, ndipo m'mitsinje ya ku Western Cape monga Olifants zinatha tinsomba tachilengedwe m'zigawo zambiri zomwe zinafikako. N'chifukwa chake zili pa mndandanda wa zamoyo zolowerera pansi pa NEMBA, lamulo la South Africa loteteza zachilengedwe, ndipo kusamutsa yamoyo kuchoka pa damu lina kupita pena popanda chilolezo ndi mlandu. Kubweza m'damu lomwelo momwe zilimo kale ndi nkhani ina. Za kwathu ndiye musaganize n'komwe. Nyanja ya Malawi ili ndi mitundu mazanamazana ya mbuna, utaka ndi chambo yomwe kulibe kwina kulikonse padziko, ndipo tonse tinamva momwe nsomba yobwera ya Nile perch inathera mitundu yambiri ya nsomba ku Lake Victoria. Ngakhale livewell ndi ngolo ya boti muzitsuka n'kuumitsa musanapite damu lina, kachidutswa kamodzi ka namasupuni kamakwana kudzaza doko.

Mayi a Chikondi: Ndamva achemwali, zikomo.

aMbewe: Titsirize pa sikelo, Bambo a Tadala, poti nsomba zambiri zimafera pa mamita 50 omaliza. Yezani pa tsiku loyeserera kuti kuchokera pa malo anu akutali kufika pa doko ndi mphindi zingati, muwonjezere 15 za mphepo ya masana. Wotchi yanu muitchere mofanana ndi ya oyendetsa mpikisano m'mawa. Mukafika, nsomba zisiyeni mu livewell pampu ikuyenda mpaka atakuitanani. Musaziike m'thumba n'kukaima nazo pa mzere. M'thumba la malita 10 kapena 15 lokhala ndi nsomba zisanu mpweya umatha pa mphindi zochepa chabe. Thumbalo mudzaze ndi madzi a mu livewell, osati a pa doko otentha aja. Zikakhala zazikulu pemphani matumba awiri. Ngati pa mzere pali matanki okhala ndi mapaipi a mpweya, lowetsani paipi m'thumba lanu kapena sinthani madzi pa tanki iliyonse.

Bambo a Tadala: Zamveka bwino akuluakulu. Funso limodzi lotsala: tsiku loyeserera kalabu ikulola Lachisanu lokha. Tiyambe m'mawa ngati pa mpikisano, kapena tipite masana?

aKwenda: Khalani maola omwewo a mpikisano, 5:30 mpaka 2 koloko, chifukwa mthunzi wa 4 koloko madzulo sukuthandizani Loweruka. Ola loyamba yang'anani pomwe tinsomba tikudumpha pafupi ndi doko, osaponya kwambiri. Kuyambira 8 mpaka 11 yendani pang'onopang'ono ndi fish finder, pezani thermocline, lembani malo anayi kapena asanu. Maola otsalawo yesani udzu ndi mitengo. Lembaninso pomwe madzi alekezera pa mwala kapena pa mtengo wa pa doko. Loweruka m'mawa mukaona kuti akwera, nsomba zalowa mu udzu watsopano womira. Akatsika, zabwerera kunja pa khonde loyamba lozama.

NaPhiri: Ndipo Lachisanu lomwelo yesani livewell ngati kuti muli nsomba: dzazani, thirani mchere, ponyani mabotolo awiri, muzilemba themometa ola lililonse. Mudziwa kuti boti lanu limadya mabotolo angati pa tsiku, ndipo usiku muumitse okwanira, ndi awiri apadera.